Bulangete la Malemu Jeremiah

Kabaza anaima pa mpanda wa Mayi Rozina fumbi lisanatsike. Laws anatsika chammbali, atakumbatira bokosi loyera ngati mwana wodwala. Mkazi wake, Thokozire, anali atafika kale. Anaima pachipata, manja m'chiuno, akadali mu yunifolomu ya unamwino.

"Wachedwa," anatero.

"Magalimoto pa Biwi. Ali kuti mazirawo?"

"Ali pamimba pa amayi."

Sankaseka. M'mawa wa tsikulo galu wa kuseri anaboola mpanda n'kupha thadzi lomwe linkafungatira mazira pafupi ndi bafa. Mayi Rozina anapeza nthenga zokhazokha. Mazira anali akadali ofunda. Anawatola, anawakulunga m'nsalu, n'kuwamangirira pamimba, mkati mwa juzi. Kuyambira pamenepo sanakhale pansi. Ankayenda ngati munthu wosenza ndowa yodzaza.

Silinali thadzi wamba. Linali la kameta, nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi. Mtunduwo anabwera nawo malemu amuna awo, Abambo Jeremiah, kuchokera ku Dowa, m'dengu, chaka chimene anapeza ntchito ya ulonda m'tauni. Nkhukuzo zinasamuka nawo. Kawale, Chinsapo, mpaka pa puloti iyi ya ku Area 23. Bambowo anamwalira. Chitopa cha chaka chino chinasesa khola, tambala yemwe. Linatsala thadzi limodzi ndi mazira ake. Tsopano kunatsala mazira basi.

Laws analowa m'bwalo. Mayi Rozina atamuona anabwerera m'nyumba n'kuima kuseri kwa chitseko. Laws ananyonyomala pakhonde, nkhope ataloza kumtengo wa mapeyala.

"Thoko, uwafunse apongozi ngati ayenda bwino," mawu anatuluka kuseri kwa chitseko.

"Akuti wayenda bwanji."

"Ndamva," ananong'ona Laws. Kenako mokweza, kuuza mtengo: "Very well, thank you."

"Akuti ayenda bwino."

Zinali choncho chikwatiranire. M'tauni ambiri mwambowu anautaya. Mayi Rozina anausunga monga anasungira nkhuku. Mkamwini suyang'anizana naye. Sulankhula naye pamaso. Chinthu sumupatsa m'manja, umadzera mwa wina. Nambala yake anali nayo m'foni, koma anali asanaiimbepo.

Laws sankadandaula. Anakulira ku Rumphi, m'nyumba ya mkulu wa mpingo, kumene apongozi amaopedwa chimodzimodzi. Chichewa ankachidziwa. M'minibasi ankakangana nacho ndi makondakitala osapunthwa. Koma pa chinkhoswe chake lilime linaterereka. Chitumbuka chinalowerera pakati pa mawu othokoza, azakhali a Thokozire n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Kuyambira tsikulo, akafika kwa apongozi ankavala Chingerezi ngati ovololo.

Ndipo sichinali Chingerezi cha kusukulu. Anachitola ku kampani yoika magetsi a dzuwa, kwa bwana wina wochokera kunja yemwe sankadziwa kunena kuti ayi. Ukalumikiza waya molakwika, bwanayo ankapendeketsa mutu n'kunena kuti njira yako ndi yochititsa chidwi. Akati sakutsimikiza kwenikweni, ndiye kuti masula zonse, uyambirenso. Akati sizoipa, kagule Fanta, wakhoza. Anyamata a pakampani anazolowera. Padenga ankamvana bwinobwino. Laws anachikonda Chingerezi chimenecho. Unkatha kumukaniza munthu iye osamva kuwawa.

Mayi Rozina analowa kuchipinda kuti mkamwini alowe pabalaza. Katani wa pakhomo anatsika. Mazira anatuluka limodzilimodzi pansi pa kataniyo, kudzera m'manja mwa Thokozire.

Bokosi loyera lija linali makina ofungatira mazira. Laws anawabwereka kwa mnzake wa ku Kaliyeka yemwe anasiya kuweta zinziri. Anali ndi kachitseko ka galasi kutsogolo, manambala ofiira osonyeza kutentha pamwamba, ndi timabowo m'mbali. Anawaika patebulo pafupi ndi wailesi ya kanema. Anawalumikiza ku batire, kuti magetsi akazima asazizire. Anathira madzi m'kambale ka pansi. Kenako anayamba kufotokoza, akuyang'ana makinawo.

Ankalankhula motalika. Thokozire ankadula.

"Akuti madzi asamathe m'kambalemu."

Laws anapitiriza, manja akuzungulira m'mwamba.

"Akuti muziwatembenuza, m'mawa, masana ndi madzulo. Mukamva anapiye akulira mkati, musiye."

"Uwafunse," anatero mawu a kuseri kwa katani, "chinthuchi chidziwa bwanji kuti ndi mazira a kameta?"

Laws anayankha kuti ndi funso labwino kwambiri. Thokozire anamasulira kuti sichidziwa.

Pazenera panali nkhope. Anali Mayi Jemima, ogulitsa tomato, omwe ankachita lendi chipinda cha kumapeto kwa puloti. Iwo mwambo wa apongozi sunkawakhudza. Ankayang'ana aliyense m'maso.

"Koma Chingerezi cha apongozi anuwa, aNambewe, chimayenda monyang'ama ngati mphaka," anatero kwa Mayi Rozina. "Ine ndamvapo mawu ambirimbiri, Thoko akutipatsa atatu. Enawo akupita kuti?"

"Ndi ulemu, Amayi," anatero Thokozire. "Ndikuusiya panja."

Makina anayamba kulira chapansipansi, ngati firiji. Mayi Jemima anawapatsa dzina pomwepo: Nathadzi.

Lamulungu lotsatira, atatuluka ku tchalitchi, Laws ndi Thokozire anakwera minibasi ziwiri kuchokera kwawo ku Area 25. Unali mwezi wa Juni. Mphepo inkaluma makutu. Anafika, anapatsana moni kudzera mwa mtengo wa mapeyala ndi chitseko, katani anatsika, Laws analowa.

Makina sankaoneka. Patebulo panali chulu cha bulangete lofiirira la mizeremizere, lopindiridwa bwino m'mbali zonse. Pamwamba pake, kansalu koluka ndi manja.

M'nyumba imeneyo chinthu chilichonse chaulemu chinkafunditsidwa. Wailesi ya kanema inali ndi nsalu yake. Wailesi ya mawu inali ndi yake. Ngakhale fulasiki ya tiyi inali ndi kachipewa. Laws akanayenera kuganizira zimenezo tsiku loyamba. Sanaganizire.

Anakweza ngodya ya bulangete. Manambala anali atakwera pang'ono. Timabowo tonse tinali totsekeka. Mwanapiye amapuma ali m'dzira momwemo, ndipo akamayandikira kuswa amafuna mpweya wambiri. Laws ankazidziwa ngati dzina lake.

Bulangetelo ankalidziwanso. Ndi limene Abambo Jeremiah ankafunda pa ulonda zaka zonse zija. Ndi limene anafunda kuchipatala. Tsiku limene anamwalira, Laws ndiye analinyamula m'jumbo mpaka pakhomo pano. Chiyambire linali m'sutikesi. Palibe mlendo analifundapo.

Anatsokomola.

"It's a lovely blanket," anauza makina. "I'm just not sure it's entirely necessary."

Thokozire anamasulira mokhulupirika. "Akuti bulangete ndi lokongola. Koma akuti sakudziwa ngati likufunika kwenikweni."

Kuseri kwa katani kunamveka kaphwete kokondwa.

Mawu otere Mayi Rozina anawamva moyo wawo wonse. Mlendo akakuona ukuthamangitsa nkhuku amati, musavutike, sizofunika kwenikweni. Iwe umasiya yaing'onoyo n'kugwira yaikulu. Mlendo akati wakhuta, umawonjezera ndiwo. Mkamwini wawo anali munthu woleredwa, basi.

"Uwauze asadandaule," anatero. "Si chovuta ayi. Katundu wa apongozi sangagone pamphepo m'nyumba mwanga. Ndiponso thadzi limafunda nthenga. Ichi n'chamaliseche."

Laws anayesanso. Ananena kuti mwina, ngati n'kotheka, bulangete likhoza kumachotsedwako nthawi zina.

"Akuti mwina muzilichotsako nthawi zina."

"Ndizilichotsa pochapa."

Laws anapinda bulangete mwakachetechete, timabowo tinaonekera. Anatsanzika mtengo wa mapeyala. Asanafike n'komwe pa siteji, Mayi Rozina anaona mmene mphepo inkalowera m'mbalimo. Anabwezera bulangete, n'kulipindira pansi, ngati akufunditsa mdzukulu.

M'minibasi anakhala mpando wa kumbuyo, mawondo atapanikizika ku thumba la makala la munthu wina.

"Sunawauze," anatero Laws.

"Ndawauza mawu ako onse. Sindinameze ngakhale amodzi."

"Mawu aja amatanthauza kuti achotse."

"Amatanthauza choncho kuti?"

"Kulikonse."

"Padenga pa bwana wako. Kuno ndi ku 23." Thokozire anakonza chikwama pamiyendo. "Ine kuwodi ndikamuuza wodwala kuti mwina, ngati angakonde, akhoza kumwako mankhwala, mawa ndikawapeza pansi pa pilo."

"Ndiye ukanakonza pomasulira."

"Tsiku lija Mayi Jemima anandinena kuti ndimadula mawu ako. Lero ndapereka athunthu, ndalakwanso?"

Kondakitala anatembenuka. "Bwana, ingovomerani. Apa mwaluza."

Anthu anaseka. Laws anayang'ana pawindo. Anadutsa ogulitsa mbatata yootcha, mashopu a matayala, ana a sukulu ya Sande atavala majuzi aakulu.

"Ndi bulangete la adada ako, Thoko," anatero chapansipansi. "Ndikanati chiyani? Chotsani ichi?"

Thokozire anagwira dzanja lake, n'kulisiya.

"Ndiwaimbira mawa," anatero.

Anaimbadi. Anali pa depoti, akukwera basi ya ku Kasungu kumene anamutuma ku maphunziro a sabata yonse. Phokoso linali ponseponse.

"Amayi, bulangete lija muchotse. Likutseka mpweya."

"Iwe ndiwe wa majakisoni. Za makina uzidziwira kuti?"

"Ndi Laws wanena."

"Ndinalipo. Eni makina anati bulangete ndi lavule. Mawu amenewo ndimawadziwa, amanena pa ukwati."

"Amayi, anangochita ulemu."

"Eya. Nanenso ndikuchita ulemu. Uyende bwino, ukandigulireko mtedza."

Basi inanyamuka. Thokozire analembera mwamuna wake pa WhatsApp: Ndawauza. Zomwe anayankhidwa sanalembe. Anati afotokoza akafika, ndipo atafika anapeza maphunziro atayamba. Laws anawerenga, mtima unakhala pansi. Sabata imeneyo anali ndi madenga a ku Area 18. Komanso kwa apongozi sakanapita yekha. Akanalankhula ndi ndani?

Lachinayi kunacha kozizira, koma pofika masana dzuwa linakwiya. Malata anayamba kuthetheka. Mayi Rozina anali kuchapa panja pamene anamva kulira kwachilendo m'nyumba. Pii, pii, pii. Osalekeza.

Anathamanga, manja ali thovu. Anakweza bulangete. Manambala ofiira ankaphethira, ndipo pakati pake pankabwera malembo a Chingerezi. Pansi pa kulira kwa makinako panali kulira kwina, kochepa kwambiri. Anapiye. Anali atayamba m'mawa womwewo, ndipo iwo anasiya kutembenuza monga anauzidwira.

Anaitana Mayi Jemima.

"Werengani apa."

Mayi Jemima anawerama, anafinya maso. "Malembo ndikuwaona. Koma sakundiuza kanthu."

"Mwanapiye akalira chonchi ndiye kuti wazizidwa."

"Uyu si mwanapiye, ndi Nathadzi."

Mayi Rozina anamasula chitenje cha pamwamba n'kuchiyala pa bulangete. Kulirako kunachepa mphamvu, koma sikunasiye. Anaika khutu. Kulira kwakung'ono kuja kunkamveka patalipatali tsopano.

Anaimbira Thokozire. Foni inali yozima. Anaimbanso. Yozima.

"Imbirani apongozi anu," anatero Mayi Jemima.

"Ine?"

"Ndiye ndiimbe ine?"

"Inu ndinu ndani kwa iwo?"

"Ndiye chimenecho. Imbani, aNambewe. Manyazi mudzachita mawa, nkhuku zili moyo."

Mayi Rozina anayang'ana foni nthawi yaitali. Anapukuta chala pa juzi. Anadina. Itayamba kuitana, sanaiike kukhutu. Anaigwira ndi manja awiri n'kuiloza ku makina, kuti alankhule okha ndi mwini wake.

Laws anali padenga la nyumba ya nsanjika, sipanala m'kamwa. Foni inanjenjemera m'thumba. Ataona dzina, sipanala inagwa n'kutsetsereka mpaka m'ngalande ya madzi. Dzina limenelo linali lisanawalepo pa foni yake. Maganizo oyamba anali maliro. Ananyonyomala pa malata pomwepo, ngati ali pakhonde paja. Mnzake Enerst anamuyang'ana modabwa.

"Hello?"

Kunkangomveka pii, pii, pii. Kulira kumeneko ankakudziwa: makina atentha kupyola muyeso. Ndipo kunkamveka kobanika, ngati munthu akukuwa ali m'zofunda.

Bulangete silinachoke.

"Good afternoon, Mum," anayamba. "If it's not too much trouble, I wonder whether..."

Chapatali anamva mawu a Mayi Jemima: "Ayambapo."

Anasiya. Anayang'ana mzinda pansi pake. Area 23 inali kutsidya, kuseri kwa tauni yonse. Ngakhale pa njinga yamoto sakanafika msanga. Thokozire anali m'kalasi ku Kasungu. Pakati pa iye ndi apongozi ake panalibe mtengo, panalibe katani, panalibe munthu.

"Amayi," anatero.

Pii, pii, pii.

"Amayi, chotsani bulangete."

Mawu anatuluka okhakhala, ndi kayankhulidwe ka kwawo kaja kamene azakhali anakaseka. Sanaime.

"Chotsani chilichonse mwafunditsapo. Pompano. Timabowo ta m'mbali tikhale poyera. Mutsegule mawindo. Kachitseko ka galasi musakhudze. Anapiye akubanika. Bulangetelo likuwapha."

Foni inaduka.

Anaimbanso. Inaitana mpaka kutopa.

"Ase, wauza ndani kuti akupha?" anafunsa Enerst.

"Apongozi."

Enerst anavula chipewa. "Pita. Denga ndimaliza ine."

Wakabaza anali mnyamata wokonda liwiro, ndipo tsiku limenelo Laws sanamuletse. Anadutsa pakati pa magalimoto, mawondo akukhudza zitseko za anthu. Mphepo inkamutulutsa misozi. M'mutu ankabwereza mawu ake aja. Likuwapha. Bulangete la malemu. Popanda pepani, popanda chonde. Ankaona kale ankhoswe atakhala pamkeka, amalume ake ataitanidwa kuchokera ku Rumphi. Ankaonanso mazira ali chete m'kagalasi. Sankadziwa chomwe chinkamuopsa kwambiri.

Mayi Jemima anali pachipata.

"Mwafika, a Lavule?"

"Zili bwanji?"

"Kaoneni nokha. Ine si womasulira."

Bulangete linali pa chingwe, pakati pa zochapa. Mawindo onse anali otsegula. M'nyumba munali chete. Laws ananyonyomala pakhonde, n'kuloza nkhope kumtengo wa mapeyala. Anatsegula pakamwa, osadziwa chilankhulo chomwe chituluke.

"Lowani," anatero mawu. Sanachokere kuseri kwa chitseko. "Mtengowo sudziwa za makina."

Anavula nsapato. Analowa.

Mipando iwiri inali itaikidwa mogundizana, yonse kuyang'ana ku makina. Pa umodzi panali Mayi Rozina, msana uli chilili, maso pagalasi. Katani wa kuchipinda anali atakolekedwa pa msomali. Laws anakhala m'mphepete mwa mpando winawo, naye maso pagalasi. Palibe ankayang'ana mnzake. Mwambo unali wopindika, koma unali usanathyoke.

Manambala anali atatsika. Sankaphethiranso. Madzi analimo m'kambale. Mazira ena anali ndi ming'alu. Ena anali osalala, chete. Pa lina, chakumanzere, kamlomo kanali katatulukira pa kabowo. Sikankasuntha.

"Ilo?" anafunsa Mayi Rozina.

Chingerezi chinabwera chokha pa lilime la Laws. Chinali ndi njira zambiri zonenera zimenezo mofewa. Anachimeza.

"Lafa, Amayi. Ndi awiri aja a kumbuyo ndikukayika."

Mayi Rozina anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndawapha ndine."

"Tawapha tonse. Ine bulangete ndinaliona Lamulungu."

"Munati lavule."

"Ndi lokongoladi." Anayang'ana mazira aja. "Ndine ndinalinyamula kuchokera kuchipatala. Sindikanatha kunena kuti chotsani."

Panja mwana wina ankagubuduza tayala mumsewu. Galasi la makina linkaonetsa nkhope ziwiri moyandikana, mazira ali pakati pake. Onse anaziona. Palibe anatchula.

"Eni ake akanakhalapo," anatero Mayi Rozina potsiriza, "akanati, Rozina, chotsa chisanzacho. Sankazungulira bambo aja. Pondifunsira anangoti, ndabwera, tiye."

Laws anaseka asanadziletse. Anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Sekani. Inenso ndinaseka. Kenako ndinapita."

Dzira la pakati linagwedezeka. Mng'alu wake unatalika, kuzungulira. Kachidutswa ka chigoba kanagwa. Mkati china chake chonyowa chinakankha, chinapuma, chinakankhanso. Kenako chinasiya.

Dzanja la Mayi Rozina linanyamuka kupita ku kachitseko.

"Musatsegule."

Dzanja linaima m'malere.

"Ndingomuthandiza pang'ono. Watopa."

"Ayi."

Anali mawu amene sanawanenepo pakhomo pano. Anamveka aakulu kuposa chipindacho.

"Mukatsegula, chinyezi chithawa. Enawo aumira m'zigoba. Akupuma chabe. Musiyeni."

Dzanja linabwerera pamiyendo. M'galasi, milomo ya Mayi Rozina inasuntha pang'ono.

"Kani mawu muli nawo," anatero. "Zaka zonsezi ndimayesa kuti ku Rumphi kumabadwa azungu."

"Azakhali anandiseka, Amayi."

"Aja amaseka ndi pamaliro pomwe. Munawamvera chifukwa chiyani?"

Anadikira. Dzuwa linasuntha pa simenti. Mayi Jemima anabweretsa tiyi m'makapu awiri n'kukaima pamalo pawo, pazenera. Tiyi anazizira osamwedwa.

Dzira lija linagawanika. Mwanapiye anagwera kunja chafufumimba, wonyowa, wonyansa, miyendo ili uku ndi uku. Anagona ngati wafa. Kenako anadzutsa mutu. Khosi linali lalitali, lofiira, lopanda kanthenga ngakhale kamodzi.

"A Jeremiah enieni," anatero Mayi Jemima. "Taonani khosilo. Angotsala chipewa cha ulonda."

Mayi Rozina anaseka. Kusekako kunasintha panjira, anakweza ngodya ya juzi kumaso. Laws anayang'anitsitsa manambala ngati ali ndi nkhani yofunika.

Lina linayamba kugwedezeka. Kenako linanso, chakumanja.

Foni ya Mayi Rozina inalira dzuwa litapendeka. Anali Thokozire, mawu ali m'mwamba. Anali atangoyatsa foni n'kupeza kuti amayi ake anaimba kambirimbiri.

"Amayi, kwagwanji?"

"Kwabadwa anthu. Ena tataya. Ndili ndi apongozi pano."

"Laws? Ali komweko? Ndi ndani?"

"Ndi ine."

"Ikani pa sipika ndizikumasulirani."

"Palibe chomasulira. Mtedza wagula?"

Atadula, anaika foni patebulo. Analankhula akuyang'anabe galasi.

"Apongozi, timvane. Moni muzipereka mmene mumaperekeramo, kumtengo wanu uja. Chingerezi chanu ndimachikonda, chimamveka ngati kwaya. Koma chinthu chikakhala ndi waya, kapena chikamapuma, muzindiuza m'Chichewa. Chachifupi. Ngakhale chikhale chopindika."

"Ndamva, Amayi."

"Chitumbuka chikalowerera, chilowerere. Ndifunsa."

Laws anatuluka kukafuna katoni ku golosale ya pakona. Anaboola timabowo m'mbali. Anayala manyuzipepala pansi. Anakokera babu kuchokera ku batire n'kulipachika mkati, chapakatikati. Mayi Rozina anaima pakhomo kumuonerera, osabisala.

"Agone m'makina mpaka mawa, aume," anatero Laws. "Mawa muwaike umu. Madzi m'kambale kosaya, muikemo timiyala kuti asamire. Pamwamba mufunditse bulangete lija. Mbali imodzi musiye mpata."

"Bulangete?"

"Eya."

"Likufunika kwenikweni?"

"Likufunika. Kukuzizira, ndipo alibe mayi."

"Mwanena m'Chichewa zimenezo?"

"M'Chichewa, Amayi."

Mayi Rozina anapita ku chingwe. Anachotsa bulangete, analikutumula, analipinda pawiri. Linali lofunda ndi dzuwa. Mayi Jemima anatambasula manja kuti alandire, apereke kwa mkamwini monga mwa nthawi zonse. Mayi Rozina anawadutsa.

Analiika m'manja mwa Laws.

"Ndionetseni mpatawo," anatero.